Sileti Youma ya Luka

Eveles anali atagwada pamwala wochapira kuseri kwa nyumba, akufinya tinsalu ta mwana wake Luka, pamene belu la njinga linayamba kulira kuchokera kumsewu. Linkalira osapuma, mpaka nkhuku zimene zinkapalasa pafupi ndi nkhokwe zinabalalika.

Tinsaluto tinalipo tisanu ndi tiwiri. Anatidula ku chitenje chakale n'kutisoka m'mphepete. M'mawa ankamangirira kamodzi pakhosi pa mwanayo, kakanyowa n'kuchotsa, n'kumangirira kena, mpaka tonse titatha. Luka anali wa zaka zisanu ndi zitatu. Ali wamng'ono anadwala malungo aakulu amene anamukomola masiku anayi. Atatsitsimuka, mwendo wakumanzere unatsala wokoka, ndipo pakamwa sipankatsekekanso bwino. Dovu linkangochucha tsiku lonse, mpaka chibwano chinachita tizilonda. Koma mutu unali wakuthwa ngati mbedza yatsopano.

"Eve! Amake Luka! Siya zochapazo, ndati siya!"

Anali achimwene ake, a Lawson, amene ankagwira ntchito yonyamula katundu pa siteshoni ya sitima ku boma la Salima. Analumpha njinga isanaime, n'kuisiya igwe yokha pamchenga. Chipewa chawo cha kuntchito chinali chitapendekeka, malaya atamatirira kumsana.

Eveles anadzuka mtima uli m'mwamba. "Kwagwanji, achimwene? Kuli maliro?"

"Eya, maliro a tinsanza takoto! Tikatikwirira mwezi uno, ndipo manda ake ndikumba ndine!" Anapuma kawiri, wefuwefu. "Dzulo pa sitima watsika dokotala wa ana. Akhala masiku awiri okha pachipatala cha paboma. Sutikesi yake ndinanyamula ndine, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sindiitula mpaka amve nkhani ya muphwa wanga. Iye akuti, ‘Ikani apa.’ Ine ndikuti, ‘Pepani bwana, ndisanaike.’ Ndinamuuza zonse: malungo aja, mwendo, dovu, sileti. Akuti alipo mankhwala a madontho oumitsa malovu. Akuti tibwere naye mawa m'mawa!"

Eveles anabwerera pamwala paja n'kukhala pansi, manja akudontha madzi. Sanali munthu wa mawu ambiri. Anangoti, "Ambuye," ndipo mawu amodziwo anakwana.

Nkhani ya sileti ndiyo inkamusowetsa mtendere chaka chonse. Chaka chapitacho Luka analowa sukulu ya mishoni ya m'mudzimo. Masileti anali ochepa, ana atatu pa imodzi. Luka akawerama kuti alembe, dovu linkagwera pa sileti, zilembo n'kusungunuka aphunzitsi asanafike podzaona. Anzake anayamba kukana kukhala naye. Sabata itatha, aphunzitsi a Mateyu anabwera okha kunyumba, chipewa chili m'manja, n'kunena mwaulemu kuti mwanayo adikire kaye. Tsiku limene adzathe kulemba sileti ili youma, malo ake adzawapeza. Kuyambira pamenepo Luka ankalemba pamchenga, kuseri kwa nyumba, kumene dovu linkangolowa pansi osafufuta kanthu. Bambo ake anali ku Halale kuntchito, ndipo iye ankafuna kudzawalembera kalata ndi dzanja lake. Tsopano sukulu inali itatsala masabata atatu kuti itsegulidwe.

Mwini nkhaniyo anatulukira pakona ya nyumba akukoka mwendo, maso ali gwa pa amalume ake. Mawu ake ankatuluka molemera, koma apabanja ankawamva.

"Amalume, ndipita ku sukulu?"

"Upita, bwana wanga! Ukamaliza udzayendetsa sitima, ine ndizidzakunyamulira sutikesi."

Kuseri kwa mpanda wa bango kunamveka kukhosomola. Anali a Binali, Msilamu woyandikana nawo, amene ankasoka ukonde wake pakhonde ndipo anali atamva zonse, poti a Lawson sankadziwa kunong'ona.

"Alhamdulillah," anatero a Binali. "Mawa nsomba zanga zigona pathandala. Njinga yanga inyamula Luka, inu a Lawson munyamule mlongo wanu."

Eveles anafuna kukana, podziwa kuti tsiku limodzi losapita kumsika si laling'ono kwa munthu wa ana asanu ndi mmodzi. Koma a Binali anali atabwerera kale ku ukonde wawo, ngati sananene kanthu.

Kuchipatala anamuika Luka pa sikelo, dokotala n'kulemba. Anamuyang'ana m'maso, m'kamwa, n'kumumvetsera pachifuwa. Anafunsa ngati amakodza bwino, ngati amachita chimbudzi tsiku lililonse, ngati akumwa mankhwala ena alionse, ngakhale a zitsamba. Womasulira anali namwino wina, a Fanny, mayi wojintcha wa mawu olimba koma manja ofewa. Dokotala atatuluka, a Fanny anakhazika Eveles pa benchi n'kumuonetsa kabotolo kobiriwira ndi kagalasi kodonthezera.

"Mayi, mankhwala awa ali ngati moto. Wochepa uphikira, wochuluka utentha nyumba. Tiyamba ndi madontho awiri mu supuni ya madzi, m'mawa ndi masana dzuwa litapendeka. Sabata yamawa mubwerenso, tidzaone ngati tionjezere limodzi. Woonjezera ndife, osati inu. Mwamva?"

"Ndamva."

"Wopereka akhale mmodzi, inu nokha. Mukapereka, mangani mfundo pachingwe, kuti musadzati mwaiwala n'kuperekanso. Mukadumphitsa, musadzabwezere pophatikiza. Botolo likhale m'mwamba kumene mwana sangafike, ndipo musagawireko wina, ngakhale mwana wa mbale wanu. Tsono mvetsani ichi, chifukwa chachikulu n'chimenechi. Mankhwala alibe maso. Sadziwa kuti awa ndi malovu, ili ndi thukuta. Amaumitsa zonse. Inu ndi ine tikatenthedwa timatuluka thukuta, thupi n'kuzizira. Uyu thukuta lake lichepa. Azivala zopepuka, azikhala pamthunzi dzuwa likakwera, azimwa madzi pafupipafupi. Mukadzaona thupi latentha koma lili louma, nkhope yafiira, pakuda pa diso pakula, kapena akuyankhula zosokonekera, muvuleni, muthireni madzi, madontho otsatira musamupatse, mubwere naye kuno. Tabwerezani ndimve."

Eveles anabwereza zonse osaphonya ngakhale chimodzi. Pawindo pankalowa phokoso la kuseka. A Lawson anali pakhonde, akufotokozera odwala a pamzere nkhani ya sutikesi, ndipo tsopano sutikesiyo inali italemera ngati matumba awiri a chimanga. Za thukuta iwo sanazimve.

Wotchi m'nyumbamo munalibe. Madontho a m'mawa anali osavuta: Luka akamwa phala, basi. A masana ndiwo ankavuta, chifukwa Eveles akatanganidwa kutembenuza usipa pathandala ankaiwala kuyang'ana dzuwa. Tsiku lachiwiri kuseri kwa mpanda kunamvekanso kukhosomola kuja.

"Amake Luka, nthawi ya pemphero lathu la alasiri yakwana. Ine ndikukaswali, inu kaperekeni madontho."

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Wina akayala mkeka wake wopempherera, wina ankatsitsa kadengu ka botolo lija kamene kanapachikidwa kudenga, n'kuwerenga madontho milomo ikugwedera. Akamanga mfundo ankanena zikomo wachidule kwa Mulungu, mwakuti chingwecho chinasanduka ngati buku lake la mapemphero.

Ndiye zinayamba kuoneka! Tsiku lachitatu anachapa tinsalu tisanu. Sabata itatha a Fanny anamuyezanso Luka n'kuonjezera dontho limodzi, ndipo tinsalu tinatsika kufika pa tiwiri. Tizilonda ta pachibwano tinauma. Luka ankadandaula kuti kukhosi kukuuma, choncho mayi ake anamupangira kachikho kakekake ka madzi, n'kumamupatsa papaya m'mawa kuti m'mimba musamange. Lamlungu kutchalitchi amayi ankatembenuka kumuyang'ana mpaka nyimbo kusokonekera. Mayi wina anabwera kudzapempha timadontho ta mwana wake amene ankamera mano. Eveles, amene mawu oti ayi ankamulemera pakamwa ngati mwala, anayang'ana pansi n'kunena kuti akafunse kaye a Fanny. Mayiyo atamva dzinalo sanabwerenso.

Tsiku lina Eveles anatenga chiphale cha mbiya yosweka, chakuda ndi mwaye, n'kumupatsa Luka pamodzi ndi kachidutswa ka chinangwa chouma. Mwanayo anawerama n'kulemba dzina lake. Eveles anadikira, akuwerenga mumtima mpaka makumi awiri. Zilembo zinakhalabe mbee, osasungunuka. Analowa m'nyumba n'kukaima kuseri kwa chitseko kanthawi, kuti mwana asaone nkhope yake.

Lolemba lotsegulira sukulu linafika, pakati pa Okutobala, mwezi umene mchenga umaotcha mapazi kadzutsa asanatsike m'mimba. Eveles anapereka madontho atatu, anamanga mfundo, n'kumuveka Luka kamalaya kopyapyala ndi kabudula. Maganizo ake anali oti anyamuke kusanatenthe. Koma a Lawson anali atatumiza uthenga kuti asachoke iwo asanafike, ndipo mawu a mwini mbumba sadumphidwa. Anadikira. Dzuwa linakwera mkono umodzi, kenako iwiri.

Belu la njinga litamveka, mudzi wonse unamva. A Lawson anafika atavala jekete yawo ya paukwati, phukusi lili pa keliyala.

"Itanani anthu! Abwere adzaone! Muphwa wa Lawson salowa sukulu ngati mwana wamasiye!"

Anamasula phukusilo pamaso pa onse. Munali juzi yaubweya, yofiira psuu, yokhuthala, yakhosi lalitali. Anati anaigula kwa munthu wochokera ku Joni, ndipo kumeneko ana a sukulu onse amavala zotere. Amayi anaimba nthungululu. Luka anaigwira ndi nsonga za zala, pakamwa pali pululu, ndipo ngakhale pamenepo dovu silinagwe.

Eveles anamva mawu a a Fanny akulira m'khutu mwake. Koma chovala chimene wapereka malume chimavalidwa pomwepo, mwini wake akuona. Kuchipinda n'kuchisunga, anthu ali pomwepo, kunali ngati kumubwezera mphatso yake kumaso. Ndiponso si munthu yemweyu amene anakakamira sutikesi ya dokotala? Akanakhala kuti si iye, bwenzi lero kuli sukulu?

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "kunjaku kwatentha."

"Kutentha n'kwa tonse, mlongo wanga. Ine ndavala jekete iyi, ndafa?"

Anthu anaseka. Eveles anatsegulanso pakamwa, n'kuona nkhope ya Luka ikutuluka pakhosi pa juziyo ikuwala ngati ya mkwati. Anatseka pakamwa. Mumtima anati sukulu si kutali, akakafika akamuvula mwakachetechete. Anatenga chikho cha madzi n'kutsatira.

Koma a Lawson sanadzere njira yachidule ya m'mitengo ya mango. Anati mwana ayenera kukaonekera kwa abale, aliyense amudalitse. Luka naye anakana kukwera njinga, ati mwana wa sukulu amayenda yekha. Choncho gulu lonse linatsikira kugombe, kumene kulibe mthunzi, a Lawson patsogolo akukankha njinga ndi kuliza belu. Anaima kwa azakhali, amene anapereka nthochi ziwiri. Anaima kwa mkulu wa mpingo, amene anapemphera pemphero lalitali, lofika mpaka ku Halale. Anaima pa mathandala, pamene amayi oyanika usipa anasiya ntchito n'kuyamba kuvina mozungulira mwanayo, akuomba m'manja.

"Taonani chibwano!" a Lawson ankafuula, akudzipukuta nkhope ndi chipewa. "Gwirani nokha! Chouma ngati chikopa cha ng'oma! Ine ndikusungunuka ngati mafuta, koma bwanayu ngakhale kadontho ka thukuta alibe. Ameneyu ndiye njonda!"

Mawu amenewo anamubaya Eveles. Anadzipanikiza pakati pa ovinawo n'kumupatsa Luka chikho. Mwanayo anamwa madzi onse n'kupemphanso ena. Belu la kusukulu, chitsulo cha njanji chopachika pamtengo, linamveka chapatali. Luka anayenda mapazi khumi, kenako anaima n'kuyamba kutola zinthu m'malere.

"Amayi, usipa ukuuluka."

Ena anaseka, poyesa nthabwala. Eveles anagwada n'kumugwira patsaya. Panali potentha ngati chiwaya, pouma gwa. Nkhope inali itafiira modera, ndipo pakuda pa maso panali patakula mpaka kutsala pang'ono kudzaza diso lonse. Mwanayo anapepesuka n'kumugwera pachifuwa.

Anthu a m'mudzimo anali asanamvepo Eveles akukweza mawu. Tsiku limenelo anamumva mpaka asodzi a m'mabwato.

"Vulani juziyi! Madzi! Bweretsani madzi! Chokani, mupatseni mpweya!"

Anakoka juziyo, koma khosi lake linali lothina ndipo mutu wa mwana unkangolendewera. A Binali, amene ankatumbula nsomba chapafupi, anafika ndi mpeni wawo. Sanafunse munthu. Analowetsa mpeniwo pansi pa ubweya, kuthwa kutaloza kunja, n'kung'amba kuyambira pakhosi mpaka pamchombo. Kenako ananyamula mwanayo n'kuthamanga naye kumka pansi pa mkuyu waukulu umene asodzi ankasokerapo maukonde.

Eveles anavula chitenje chake chapamwamba, mayi wina n'kuthamanga nacho kukachiviika m'nyanja. Anamukulunga nacho Luka, n'kumamuthira madzi pamutu, m'khwapa ndi m'khosi. Amayi amene ankavina aja anapanga mzere kuchokera kumadzi, mabeseni ndi mitsuko zikuyenda dzanja ndi dzanja. Awiri anatenga malichero oyanikira nsomba n'kumamukupiza. Wina anafuna kumutsanulira madzi m'kamwa, Eveles n'kumugwira dzanja.

"Ayi, angatsamwe. Adzuke kaye."

Mtsikana wina anabwera ndi mankhwala a zitsamba ofwenthetsa, ndipo Eveles anakananso. Ayi wachiwiri uja anatuluka mosavuta kuposa woyamba. A Binali anatuma munthu kukauza woyendetsa lole ya nsomba, imene inkanyamuka masana kupita ku boma, kuti asachoke osawatenga. Atatero anakhala pansi chakumapazi kwa mwanayo, milomo ikuyenda. Eveles naye ankapemphera, koma pemphero lake linalibe chiyambi kapena mathero. Linali dzina la Yesu ndi dzina la Luka, mosinthanasinthana.

Chitenje anachiviika kanayi. Ulendo wachisanu Eveles anaika tsaya lake pamphumi pa mwanayo, n'kumva kuti moto uja wayamba kugonja. Zikope zinagwedera. Luka anayang'ana masamba a mkuyu, anayang'ana anthu, kenako anapeza nkhope ya mayi ake.

"Amayi, belu lalira kale?"

Nthungululu zimene zinaphulika pamenepo zinadzidzimutsa akakowa a m'bango. Mayi wina anagwetsa beseni n'kuyamba kuvina yekhayekha. Eveles anamudzutsa pang'ono mwanayo n'kumumwetsa madzi, pang'onopang'ono, kakumwa kamodzi n'kupuma.

"Lero alasiri ndisakhosomole?" anafunsa a Binali.

"Musakhosomole, bambo. Madontho aima mpaka a Fanny amuone."

Ali kudikira lole, gulu linapatuka. Aphunzitsi a Mateyu anali atamva phokoso ndi uthenga, ndipo anasiya ana akuimba mawerengero n'kubwera. M'khwapa anali atapanira sileti. Anayang'ana mwanayo ali m'chitenje chonyowa, anayang'ana juzi yong'ambika ili pamchenga. Kenako anakwinya buluku lawo loyera n'kukhala pansi, pamchenga pomwepo, pafupi ndi Luka.

"Ndamva kuti unali m'njira kubwera kwa ine. Ndaona kuti ndikuchingamire."

"Aphunzitsi, lero ayi," anatero Eveles. "Alibe mphamvu."

Koma dzanja la Luka linali litatuluka kale m'chitenje. A Mateyu anamugwirira sileti pamaondo n'kumupatsa kapensulo kake. Pansi pa mkuyu panangoti zii. Mwanayo anawerama. Zilembo zinabwera chimodzichimodzi, zazikulu, zopendekera kumanja. Atangomaliza chomaliza, dontho linagwa pa sileti, tho! Linatsetsereka n'kudula chilembocho pakati.

Luka anauma thupi lonse. Eveles anamva ngati pansi pagumuka.

A Mateyu anatambasula chala n'kukhudza chibwano cha mwanayo. Anachikweza chalacho kuti onse aone kuti n'chouma. Kenako anakhudza tsitsi lake, limene linali likudonthabe.

"Awa ndi madzi a m'nyanja," anatero. "Nyanja sinalembetse sukulu, ndiye ilibe mlandu ndi ine." Anthu anaseka, ena akupukuta m'maso. Aphunzitsiwo anatsitsa mawu n'kuyang'ana Eveles. "Ndipo ngakhale likanakhala dovu, mayi. Sileti iyi ndi yake yekha, sagawana ndi wina. Akanyowetsa adzapukuta n'kulembanso. Malo ake ndi pafupi ndi khomo, pamene pamapita mphepo, ndipo mtsuko wa madzi ukhala pambali pake. Achipatala akamulola, abwere. Dzina ndikalemba m'kaundula lero lomwe."

Luka anakumbatira sileti ija pachifuwa, pamwamba pa chitenje chonyowa, mpaka dzina lonse linafufutika. Sanadandaule. Anati akalembanso ali mu lole.

Nthawi yonseyi panali munthu mmodzi amene sanamveke, ndipo chete wake ndiye anali wachilendo kuposa zonse. A Lawson anali ataima kunja kwa mthunzi, padzuwa, jekete ikadali m'thupi. Anatola juzi ija n'kuikung'untha mchenga, n'kumayesa kulumikiza mbali ziwiri zong'ambikazo ngati zingagwirane zokha. Lole italira kumsewu, anayandikira pang'onopang'ono, anavula chipewa, n'kugwada pamaso pa mlongo wawo wamng'ono, anthu onse akuona.

"Eve, ine ndi pakamwa pangapa, ndikanapha..."

"Ayi, achimwene. Dzukani."

Eveles ananena mokweza, ndipo amene anali atayamba kubalalika anatembenuka. Sanayang'ane pansi monga mwa chizolowezi chake.

"Inu simunamve zimene ananena a Fanny. Munali pakhonde. Amene anamva ndine. Anandiuza za thukuta, ndinabwereza ndi pakamwa pangapa, ndipo kunyumba sindinakuuzeni. Lero m'mawa ndinadziwa kuti juziyo imupweteka, koma ndinaopa kukuchititsani manyazi pa anthu. Ndinaona inu mukulakwa ndili pomwepo, ine n'kukhala chete. Mundikhululukire, achimwene."

Kenako anatembenukira kwa mwana wake, anagwira timanja tiwiri timene tinafumbata sileti, n'kuweramitsa mutu mpaka mphumi yake inakhudza maondo a mwanayo.

"Luka, mwana wanga, madontho ndinawerenga bwino tsiku lililonse, koma mawu amodzi okha, oti ayi, ndinalephera kunena. Ndikhululukire, bambo wanga. Ndikhululukire."